Therapy ya chibwibwi yatha, nanga mwana timuthandize bwanji tsopano?

Makolo anzanga a kuno ku Salima ndi inu a ku Nkhotakota, funso lomwe limativutitsa ife amene tili ndi ana achibwibwi ndi ili: mwana wapita kwa speech therapist, katswiri wothandiza za kayankhulidwe, masabata aja atha, atiuza kuti basi kapitirizeni kunyumba, nde tsopano titani? Ena mwana wasintha ndithu koma mtima uli m'mwamba kuti mwina zibwerera, ena zabwerera kale teremu itangoyamba, enanso sanaone kusintha kwenikweni ndipo akuona ngati ndalama za transipoti zija zinangopita padera. Njira zopitirizira zilipo zingapo koma sizofanana mphamvu. Ina ndi yodula koma phindu lake ndi lochepa, ina ndi yaulere koma imafuna mtima wautali, ina ndi yoopsa kumene. Nanenso wanga ndi wachibwibwi, ali sitandade 6, nde izi ndikulemba ndi zinthu zoti zimandikhudza tsiku ndi tsiku.

Timvetsetsane kaye za chibwibwicho, chifukwa ambiri timasankha njira poganiza kuti chili ngati matenda oti ukamaliza mankhwala atha. Chibwibwi chimayamba kwambiri mwana ali pakati pa zaka 2 ndi 5, nthawi imene mawu akumuchulukira msangamsanga. Mwa ana 100 aliwonse pafupifupi 5 amadutsamo, ndipo ambiri mwa iwo, atatu mwa anayi aliwonse kapena kuposerapo, chimawathera akamakula. Otsalawo ndi amene amakula nacho, nchifukwa chake mwa akuluakulu 100 mumapezeka pafupifupi mmodzi wachibwibwi, ndipo amuna amachuluka kuposa akazi katatu kapena kanayi. Nthawi zambiri chimakhala cha kumtundu. Mu 2010 ofufuza a ku America motsogozedwa ndi Dennis Drayna anapeza ma gene, tinthu ta m'thupi tomwe timatengera kwa makolo, okhudzana ndi chibwibwi atafufuza mabanja a ku Pakistan, ndipo anafufuzanso banja lina lalikulu la ku Cameroon. Nde mayi anzanga si inu munalakwitsa, sikuti munamukalipira kwambiri ali wamng'ono, sikuti anatengera mwana wa aneba, komanso sikuti pakhomo mumayankhula Chiyao kusukulu Chichewa, kapena Chitonga kwa inu a cha ku Dwangwa. Zilankhulo ziwiri sizibweretsa chibwibwi. Ndi mmene ubongo wake umayendetsera milomo, lilime ndi mpweya pa nthawi yotulutsa mawu basi. Nzeru zake zili bwinobwino ndipo chomwe akufuna kunena akuchidziwa.

Chinanso, chibwibwi chili ngati nyanja yathuyi, lero kuli bata mawa kwadzuka mwera. Mwana atha kukhala masabata akuyankhula myaa, kenako atatopa, atadwala, atasangalala kwambiri kapena atasintha kalasi, chabwereranso. Zimenezi sizitanthauza kuti therapy inalephera. Nde ine poyesa njira iliyonse sindifunsa kuti kodi chibwibwi chatheratu. Ndimafunsa kuti kodi njirayi ikumupangitsa mwana kuyankhula kwambiri kapena kukhala chete? Mwana amene akuchita chibwibwi koma akufotokoza nkhani yake mpaka kumapeto ali pabwino kuposa amene sakumveka chibwibwi chifukwa wasiya kuyankhula.

Tiyambe ndi ya pakhomo, chifukwa kwa mwana wosakwana zaka 7 iyi ndiye yaikulu kuposa zonse, ndikunena mosakayika. Olo njira zotchuka za kunja zimadalira makolo omwewo. Pa Lidcombe Program ya ku Australia, yomwe ndi ya ana osakwana zaka 6, amene amagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi kholo, therapist amaphunzitsa kholo ndi kumaona mmene zikuyendera, ndipo olo chibwibwi chichepe kwambiri amapitirizabe kumuona mwanayo mwa apo ndi apo pafupifupi chaka chathunthu poopa kuti chingabwerere. Ku Michael Palin Centre ku London amaphunzitsa makolo kupatula mphindi 5 zokha, katatu mpaka kasanu pa sabata, zocheza ndi mwanayo awiriwiri. Mphindi 5 zokha eti. Zimenezo nde kuno tingathe bwinobwino popanda kulipira kalikonse. Foni muike pansi, wailesi muzimitse, ana enawo akhale kaye kwa azakhali awo, mwana asankhe yekha chochita kaya ndi bawo, kaya phada, kaya kuumba ng'ombe zadothi, kaya kukonza galimoto yake ya mawaya, inu muzingotsatira. Muyankhule modekha inuyo, osati kumuuza iye kuti adekhe. Akamaliza kuyankhula dikirani pang'ono musanayankhe. Mafunso achepe, m'malo mofunsa kuti ichi nchiyani, chamtundu wanji, wapanga bwanji, mungonena zomwe mukuona, "eee ng'ombe iyi nde yanenepa", iye apitiriza yekha.

Zovuta za njirayi si ndalama koma anthu. Pakhomo pathu si mayi ndi bambo okha, pali agogo, amalume, achimwene ake, ana a aneba, ndipo aliyense ali ndi malangizo ake. Wina "puma kaye", wina "yambiranso", wina "tayankhula bwinobwino iwe", wina amangomumalizira mawu poganiza kuti akumuthandiza. Onsewa amachita mwachikondi koma mwana amamva chinthu chimodzi, kuti mmene ndikuyankhuliramu anthu sakukondwa namo. Nde pamafunika kukhala nawo pansi akuluakuluwo mwaulemu, mwana kulibe, nkuwapempha kuti agogo, akamavutika kutulutsa mawu mungomudikira, nkhope yanu ikhale momwe inalili, musayang'ane kumbali ngati mwachita manyazi. Kwathu kuno mwana sayang'ana wamkulu m'maso ndipo palibe chifukwa chomukakamiza, amene ayenera kusamala nkhope ndi wamkuluyo. Pa mphasa nthawi ya nsima ikani lamulo loti wina akamayankhula ena adikire, lamulo la ana onse osati la iye yekha, chifukwa kulimbirana mpata woyankhula kumachikulitsa kwambiri chibwibwi.

Pali nthawi ziwiri za pakhomo zoti muziganizire bwino. Alendo akabwera timakonda kuitana mwana kuti bwera udzapereke moni, wagwada, alendo afunsa "dzina lako ndani?" anthu onse ali chete kumuyang'ana. Kwa achibwibwi ambiri dzina lawo lomwe ndi mawu ovuta kwambiri chifukwa sangalisinthe ndi mawu ena. Musamubise kuchipinda alendo akabwera, koma musamufulumizitse komanso musamuyankhire asanayese. Ina ndi yomutuma. Kumutuma ku okala kapena kumsika ndi mayeso abwino ngati muyamba ndi pomwe wogulitsa amamudziwa ndipo palibe mzere, chinthu chimodzi chokha, kenako nkumaonjezera. Kumulembera kapepala nthawi zonse kuti angopereka kumamuphunzitsa kuthawa.

Pomwe njira ya pakhomo imaperewera ndi apa: kholo limasanduka wapolisi wa mawu, liwu lililonse likatuluka mokhota likumukonza, mwana nkuyamba kuopa kucheza ndi mayi ake omwe. Zomukonza mwana mwa njira ya Lidcombe musangoziona pa YouTube nkuyamba nokha, zimafuna therapist akuonetseni nthawi yake ndi muyeso wake. Komanso mwana akafika zaka 8, 9 kupita mtsogolo, nkhondo yake yaikulu sikhalanso pakhomo. Imakhala kusukulu.

Nde sukulu. Kwa mwana wa ku pulayimale ndimaiika njira iyi patsogolo, chifukwa mphunzitsi mmodzi womvetsa atha kusintha chaka chonse cha mwana, ndipo sizifuna ndalama koma phazi lanu. Tikudziwa mmene makalasi athu alili, pena ana opitirira 100 mphunzitsi mmodzi, nde musayembekeze kuti aphunzitsi azindikira okha. Pitani kumayambiriro kwa chaka, osati mavuto atayamba, mukayambire kwa ahedi mwaulemu kenako mukakumane ndi aphunzitsi a kalasi yake. Musapite ndi madandaulo, pitani ndi zopempha zing'onozing'ono zoti zingatheke. Poitana mayina m'mawa, mwana aziloledwa kungokweza dzanja ngati tsikulo "present" akukanika. Powerenga mmodzimmodzi motsatana mzere, asamakhale wakumapeto, chifukwa kudikira kuti ndatsala pang'ono, atsala atatu, atsala awiri, kumamangitsa thupi lonse, bola amuitane koyambirira. Ndipo chomwe chimathandiza kwambiri ndi kuwerenga awiri limodzi. Achibwibwi ambiri akamawerenga pamodzi ndi munthu wina mawu omwewo chibwibwi chimachepa kwambiri nthawi yomweyo, wanga zimenezi nde amazikonda, amaimirira ndi mnzake nkuwerenga ndime yonse kalasi ikumva.

Koma samalani ndi chifundo chopyola. Aphunzitsi ena abwino mtima amangosiya kumufunsa mwanayo chaka chonse kuti asachite manyazi. Mwana amapuma inde, koma amaphunzira kuti ine sindine woyankha mafunso, ndipo akafika ku sekondale mantha aja akula. Pempho lanu likhale loti azimufunsa ndithu, kuyamba ndi mafunso a yankho lalifupi, akakweza yekha dzanja asamudumphe, ndipo amudikire. Chaka cha sitandade 5 muchiyang'anitsitse, pomwe Chingerezi chimachuluka m'kalasi. Si Chingerezicho chimene chimabweretsa chibwibwi, koma kusaka mawu m'chilankhulo chomwe sunachizolowere uku anzako akukuyang'ana kumaonjezera katundu.

Nkhani ya kusekedwa nayo ndi ya kusukulu komweko. Ana amatsanzira, amapereka mayina, ndipo mwana wanu sangakuuzeni, mungoona wayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse wa Lolemba. Mphunzitsi atha kuyankhula ndi kalasi yonse za kulemekezana, koma funsani kaye mwanayo ngati akufuna kuti nkhani yake itchulidwe pagulu, ena amafuna ena safuna. Amayi a mother group ndi a PTA ndi anthu oti muwagwire dzanja pa nkhaniyi. Ngati pa sukulu yanu kapena yapafupi pali resource centre, malo othandizira ana ofunika chithandizo chapadera pa maphunziro, kumakhala aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri ophunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu. Iwo si ma speech therapist ayi, nde musayembekeze kuti apitiriza therapy, koma amadziwa kuyankhula ndi aphunzitsi anzawo ndipo mawu awo amamveka kuposa a kholo. Mukasowa poyambira pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukafunse a PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale za m'zoniyo.

Ena amaganiza zomusamutsira ku pulayiveti. Ubwino wake kalasi imakhala yaing'ono, mphunzitsi amamudziwa mwana aliyense. Koma fizi ndi yambiri, ndipo mwana akuyambiranso kudzifotokoza kwa anthu atsopano pomwe kuja anali ndi anzake omuzolowera oti sadabwanso akamayankhula. Ine ndinganene kuti musamutse pokhapokha ngati komwe aliko akuzunzika ndipo mwayesa kukambirana koma sizikusintha. Mnzake mmodzi wokhulupirika pa sukulu ya boma ndi chinthu chachikulu kwambiri, osachitaya mwachisawawa.

Tsopano kwaya, madrasa, drama ndi ndakatulo. Makolo ambiri amadabwa kuti mwana yemweyu amene akulephera kupempha madzi akayamba kuimba mawu akungotsetsereka, ndipo ena amafika pomuganizira kuti amachita dala. Sachita dala. Poimba mpweya umatuluka mosadukiza, mawu amadziwika kale, pali kayendedwe ka nyimbo komutsogolera, nde chibwibwi chimachepa kapena kusowa kumene. Ndi chimodzimodzi ana a ku madrasa akamawerenga mokweza onse pamodzi motsatira kamvekedwe. Koma tinene zoona, nyimbo ikatha chibwibwi chimakhala chilipobe, kwaya si mankhwala. Phindu lake ndi lina: mwana amaimirira pamaso pa anthu, mawu ake akumveka, anthu akumuyamikira chifukwa cha pakamwa pake pomwepo. Kwa mwana amene wazolowera kuti pakamwa pake ndi pochititsa manyazi, zimenezo ndi zazikulu. Drama ndi kulakatula zili pafupi kwambiri ndi kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku kuposa kuimba, nde ngati pa sukulu pali kalabu ndipo iye akufuna, mulimbikitseni. Joe Biden, amene anali pulezidenti wa America kuyambira 2021 mpaka 2025, amanena yekha kuti ali mnyamata ankalakatula ndakatulo pagalasi polimbana ndi chibwibwi chake. Njira iyi ndi yaulere, ili paliponse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Benga, koma ikhale yoonjezera pa zinazo, osati yolowa m'malo mwake. Ndipo mwana wosakonda kuimba musamukakamize.

Pa za mapemphero, pempherani ndithu, nanenso ndimamupempherera wanga. Chomwe ndikupempha ndi choti musamuimike mwana kutsogolo kwa mpingo nkumanena kuti ali ndi chiwanda chomumanga lilime. Mawa adzuka akuchitabe chibwibwi ndipo tsopano ali ndi katundu wachiwiri, woganiza kuti mwa iye muli choipa. Mose amene ankadandaula kuti pakamwa pake mpolemera ndipo anatumidwabe kwa Farao. Muuzeni mwana nkhani imeneyo.

Njira ina yomwe ambiri sitiiganizira ndi yomukumanitsa ndi anthu ena achibwibwi, ndipo kwa mwana wa zaka 10 kupita mtsogolo ndimaiona yamphamvu kuposa masewero ambiri a kapumidwe. Ana ambiri amaganiza kuti ali okha dziko lonse. Koma taganizani, kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 470,000 m'boma la Salima lokha, nde ngati mmodzi mwa 100 ali ndi chibwibwi ndiye kuti ndi masauzande angapo. Alipo pa Kamuzu Road, alipo ku Senga Bay, ali ndi mabanja, akugulitsa nsomba, akuphunzitsa, akuyendetsa kabaza. Ndipo popeza nthawi zambiri ncha kumtundu, mwina safunika kumusaka kutali, ndi amalume ake kapena abambo ake aang'ono. Apempheni acheze naye momasuka, amuuze mmene zinkakhalira iwo ali ana, mmene amachitira mawu akatsekeka pa foni. Musankhe munthu amene amayankhula olo akuchita chibwibwi, osati amene anadzitsekera. Makolo nafenso timafunika anzathu, kagulu ka pa WhatsApp ka mabanja ochepa kamakwanira. Mabungwe ngati PODCAM ya makolo a ana olumala ndi FEDOMA yomwe imaphatikiza mabungwe a anthu olumala ndi oti muwadziwe makamaka mukafuna wokuyankhulirani pa za ufulu wa mwana kusukulu. Amene mumatha Chingerezi, Stamma ya ku Britain ndi Stuttering Foundation ya ku America ali ndi zowerenga ndi mavidiyo aulere pa intaneti, ena ndi a ana achibwibwi akufotokoza okha, ndipo kumuonetsa mwana kavidiyo kamodzi kotere bandulo yake siipita pachabe. Pa 22 October chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za chibwibwi padziko lonse, ndi mpata wabwino wopempha ahedi kuti anenepo mawu awiri pa asembule.

Uphungu wa maganizo ndi wina, ndipo si mwana aliyense amene akuufuna. Umafunika pomwe vuto lasamuka pakamwa nkulowa mumtima: akukana sukulu, wasiya kucheza ndi anzake, sagona bwino, akudzinena kuti ndine chitsiru, akupsa mtima msanga. Izi zimaoneka kwambiri akamatha msinkhu. Phungu sachotsa chibwibwi, amathandiza mantha ndi manyazi, zomwe pena zimakhala zolemera kuposa chibwibwicho. A St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso pa chipatala cha boma mutha kufunsa ogwira ntchito za umoyo wa maganizo. Ngati akuchitidwa nkhanza pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mwana akanena mawu osonyeza kuti watopa ndi moyo musadikire mawa.

Zogula nde sindichedwapo. Pali ma app a pa foni oti mwana amavala mahedifoni nkumamva mawu ake omwe mochedwerako pang'ono, amati DAF. Kwa ena chibwibwi chimachepadi nthawi yomweyo, koma kwa ambiri mphamvu yake imazilala akazolowera, akavula zatha, ndipo mwana wa pulayimale sangakhale m'kalasi ndi mahedifoni. Wachinyamata atha kuyesa yaulere therapist akudziwa, koma osagulitsa mbuzi chifukwa cha kachipangizo kameneka. Mapilitsi ochiza chibwibwi kulibe, amene akukutsatsani pa Facebook mankhwala kapena ma supplement oti chitha m'masiku owerengeka akungofuna ndalama zanu. Ndipo chonde chonde, zodula pansi pa lilime kapena kutema mphini mkamwa ayi. Chibwibwi sichichokera pa kamtsempha ka pansi pa lilime, mwana angotaya magazi, atenge matenda pa lumo, nkuyamba kuopa aliyense womugwira pakamwa. Agogo akaumirira za kwa asing'anga, afotokozereni mofatsa, muwakumbutse wachibale amene anakula nacho popanda womulodza.

Yatsala ndi yobwerera kwa therapist, ndipo ndaisiyira kuno dala chifukwa ndi imene imafuna kuwerengera bwino ndalama. Ma speech therapist m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri ndipo amapezeka m'mizinda. Kuchoka pa Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, inu a ku Nkhotakota mukadzera M5 ndi pafupifupi kawiri kake, a ku Dwangwa nde osanena. Ndi tsiku lathunthu, transipoti ya anthu awiri, chakudya, mwana wajomba kusukulu inu mwasiya geni kapena munda. Sabata iliyonse ambiri sitingathe. Koma pakati pa kupita sabata iliyonse ndi kusapitanso mpaka kalekale pali njira yapakati, ndipo ndi imene ndikulimbikitsa: kupita mwa apo ndi apo, mwina nthawi ya holide, pakatipo nkumalumikizana pa foni ngati therapist wavomera. Ku Australia anayesa kupereka Lidcombe kudzera pa vidiyo, therapist ali kwina banja lili kunyumba, ndipo zinayenda. Kuno chotilepheretsa ndi netiweki ndi bandulo, vidiyo ikamadukaduka therapist sangasiyanitse kutsekeka kwa mawu a mwana ndi kutsekeka kwa foni. Nde bola kujambula kavidiyo ka mphindi 2 kapena 3 mwana akucheza mwachizolowezi nkutumiza. Wokulirapo mumupemphe kaye, ndipo kavidiyoko kapite kwa therapist yekha, osati m'magulu.

Kusiyana kwa njirayi ndi zina zonse nkwakuti iyi yokha ndi imene ingasinthe zomwe mwana akuphunzira molingana ndi msinkhu. Zomwe anaphunzira ali ndi zaka 5 sizikwanira ali ndi 12. Wamng'ono thandizo limadzera mwa makolo, wamkulu amaphunzira yekha kuyamba mawu mofewa, kumasula pakamwa mawu akatsekeka m'malo mokankha, ndi kusiya kuthawa mawu ena. Nde kubwerera si chizindikiro choti koyamba zinakanika.

Musadikire holide ngati mukuona izi: chibwibwi chasintha mtundu, kuchoka pa kubwereza kofewa kwa a-a-amayi kufika pa kutsekeka koti pakamwa patseguka mawu osatuluka, akutsinzina, akugwedeza mutu kapena kuponda phazi kuti mawu atuluke, akusintha mawu pakati pa chiganizo kapena kungoti "basi ndaiwala" pomwe mukuona kuti sanaiwale, kapena chabwerera mwamphamvu ndipo miyezi ikudutsa osachepa. Ngati ndi mnyamata, kumtundu kwanu kuli amene anakula nacho, ndipo chatha chaka chilipobe, mpata woti chikhalitsa ndi wokulirapo, nde musatalikirane naye therapist. Ndipo chibwibwi chikangoyamba mwadzidzidzi mwana atagwa nkumenyetsa mutu, atakomoka kapena atadwala kwambiri, imeneyo ndi nkhani ya dokotala tsiku lomwelo, thamangirani kuchipatala.

Ngati nambala ya therapist uja munataya kapena anasamuka, yambirani pa chipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota, mufunse a physio, aja a zolimbitsa mafupa ndi minofu, akulembereni m'buku la kuchipatala zokutumizani ku Kamuzu Central. Imbani kaye musanakwere minibasi kuti mutsimikize tsiku lomwe alipo. Popita tengani buku la kuchipatala lija, mavidiyo aja chifukwa ana ambiri akafika pamaso pa therapist amayankhula bwino ngati palibe vuto, ndi kakope komwe mwakhala mukulembamo madzulo aliwonse nambala imodzi, 0 ngati tsikulo kunalibe chibwibwi mpaka 10 ngati chinali chachikulu, pambali pake mawu awiri a zomwe zinachitika tsikulo. Mwana wokulirapo anene yekha chomwe chikumuvuta kwambiri, kaya ndi foni, kaya kuwerenga m'kalasi, kaya dzina lake. Ndipo musanatuluke pemphani zinthu zitatu: kalata yaifupi yopita kwa aphunzitsi ake, zoti muzichita kunyumba akuonetseni inuyo muyeserere pomwepo iye akuona, ndi tsiku lenileni lodzaonananso, kaya pamaso kaya pa foni.